Kalata Imene Agogo Sanaponye

Loweruka, 14 Juni

Ndinali kusita yunifolomu pabalaza pamene agogo anayamba kuyankhula. Kunja kunali kuzizira kuja kwa mwezi uno, kolowa m'mafupa ngakhale masana. Amayi anali atatsika kukagula masamba kwa mama mboga, mayi wogulitsa ndiwo pageti, abambo anali ku msonkhano wa kuntchito kwawo. Agogo aamuna, obereka abambo, akhala nafe kuno ku Pangani, mu Nairobi, miyezi iwiri tsopano. Anachoka ku Thyolo kudzalandira chithandizo cha impso ku chipatala chachikulu cha ku Parklands. Lachiwiri ndi Lachisanu amakawalumikiza ku makina osefa magazi, ndipo amabwerako atafookeratu, osayankhula n'komwe. Loweruka ndi tsiku limene mawu awo amabwerera.

Ndisanalembe zimene ananena, ndiyambe ndaulula chimene ndabisa kumapeto kwa buku lino. Ndi kalata. Ndinailemba dzulo, ndipo ndi yoneneza mnzanga.

Kale ife ana a Chimalawi kuno tinali ndi makwaya awiri, ya ife Akatolika ndi ya anzathu Apulotesitanti. Ife tinalipo ambiri koma mawu athu anali ofanana onse. Iwo anali ochepa koma odziwa kugawana mawu. Chaka chatha makolo anatiphatikiza kuti pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, pa 6 Julayi, tiziimba pamodzi. Wotsogolera ndi Chisomo, wa mbali yathu, mnzanga kuyambira tili ang'onoang'ono. Tinkakhala moyandikana asanasamukire ku Parklands. Tsopano atsikana a mbali yathu akuti Chisomo wapereka nyimbo zambiri kwa enawo. Memory, amene ali wamkulu mwa ife, wakonza zoti aliyense alembe kakalata kwa mayi Banda, otiyang'anira. Mayi Banda ananena kalekale kuti madandaulo akachuluka adzaitanitsa chisankho cha wotsogolera, ndipo sadzatchula wodandaula. Memory akuti ikungotsala yanga.

Ine za kuchuluka kwa nyimbo sizinandikhudze. Chinandipweteka ndi ndime imodzi imene ndinkaimba ndekha, malo okhawo m'moyo wanga pamene ndinalimba mtima kutsegula pakamwa pagulu. Chisomo anaipereka kwa Tiyamike wa mbali inayo osandiuza. Ndinangomva Tiyamike akuiyamba, ine nditakoka kale mpweya. Mawa masana tikukumana, ndipo kalatayo ndiyenera kupereka kapena kusapereka.

Agogo sakudziwa chilichonse cha zimenezi.

Pa kanema panali azungu ambiri atakhala pa mabenchi obiriwira, akukuwizana. Thoko, mng'ono wanga wa zaka zisanu ndi zinayi, anatola rimoti.

"Siya pomwepo, mkazi wanga," anatero agogo. Thoko amamutcha choncho kuyambira ali wakhanda.

"Agogo, awatu angokangana basi. Tiike makatuni."

"Akangane. Ine anthu amenewo ndimawadziwa. Ndawanyamulapo m'galimoto."

"Bodza!"

"Thoko!" ndinamudzudzula.

"Musiyeni, a Kalaliki." Ine amanditcha a Kalaliki chifukwa cha buku lino. "Zimitsani simbiyo mungawotche siketi, mubwere mukhale apa."

Ndinazimitsa, ndinawakonzera bulangete pa miyendo, ndinakhala pansi. Zotsatirazi ndalemba monga mmene ndikukumbukira.

"Ana inu mumangolowetsa chingwe pakhoma, simbi yatentha. Yathu inali ya makala, ya katambala kachitsulo potsekera. Umaikupiza uku ndi uku mpaka mkono kufuna kuzuka, ndipo kakhala kamodzi kakathawa, malaya a mwini abooka. Ine ndinakula ndikusita malaya a achimwene anga a Fackson. Inu simunawaone. Anali mphunzitsi, munthu woyamba kwathu kuvala tayi. Ankandilipira ndi chigumu. Iwe Thoko, chigumu umachidziwa?"

"Ndi keke ya osauka. Anatero amayi."

"Mayi akowo aiwala msanga. Chigumu cha nthochi zakupsa bwino, chophikidwa m'chitini makala pamwamba, keke yanu ya m'sitoloyi singafikepo. Koma ndimanena za a Fackson. Mudzi wonse makalata ankalembetsa kwa iwo. Amuna ambiri anali ku migodi ku Joni, ndiye Lamlungu masana amayi ankakhala pamzere pakhonde pathu, uyu akuti muwauze mwana wamera mano, uyo akuti muwauze denga likudontha. Kalata inkayenda mwezi. Inu mukangodina foni, mnzanu akachedwa kuyankha pang'ono mwakwiya kale.

"Nthawi imeneyo kwathu chipani chinali chimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndipo dzina lake sunkalitchula mwachisawawa. Pokwera basi, khadi la chipani. Polowa mumsika, khadi. Anyamata a malaya ofiira ankaima pachipata, ndipo mayi woyembekezera ankamuuza kuti agulirenso amene ali m'mimbayo. Usaseke, Thoko, zinkachitika. Tsiku lina m'mawa, ana ali pamzere kusukulu, inafika galimoto. A Fackson anawatenga choko chili m'manja. Tinadzamva pambuyo pake kuti wina analemba kalata yopanda dzina, yoti aphunzitsi anena m'kalasi kuti palibe munthu amene sakalamba. Basi, mawu ake omwewo. Anakhala zaka zinayi. Pobwera anali opanda mano akutsogolo, ndipo sanagwirenso choko kapena cholembera. Ankangokhala kuseri kwa nyumba kusema mipini ya makasu. Wolemba kalatayo sitinamudziwe mpaka lero. Mwina anabwera pa maliro awo, mwina anaimba nawo. Kuyambira pamenepo ine kalata ndinkaiopa kuposa njoka."

Thoko anali atasiya rimoti ija.

"Kuyendetsa ndinaphunzira pa esiteti ya tiyi, lole yakale yoliza ndi chitsulo chopukusa kutsogolo. Ikakana inkakubwezera chitsulocho padzanja. Onani chala ichi, sichinawongokenso. Ndinkanyamula masamba kupita nawo kufakitale, nthawi ya dzinja matope mpaka m'mawondo, anthu khumi kukankha, ine kutukwana. Agogo anu aakazi ndinawapeza chifukwa cha chala chomwechi. Anali namwino pa kachipatala ka pa esiteti. Anandimanga bandeji n'kunena kuti, 'Dalaivala wanji wogonja kwa lole?' Ndinabwererako katatu, chala chitapola kale."

"Munkawafunsira!"

"Ndinkayezetsa chala, iwe.

"Titakula, ana athu atamaliza sukulu, ku Mangalande kunasowa anamwino, ndipo ambiri a kwathu anapita. Agogo anu anatsogola, ine ndinatsatira patapita chaka, imvi zili kale m'mutu. Ndege yanga yoyamba inatera pano pomwe pa Nairobi kuti tisinthe, ine osadziwa kuti ndidzabweranso ndi impso zotopa. Uku mukuti kuzizira uku ndi masewera. Kumeneko dzuwa limalowa ana akungoweruka kumene. Nyemba amathira shuga. Miyezi itatu ndinkalota chinangwa chootcha.

"Ntchito ndinaipeza kwa mkulu wina wa kumidzi, woweta nkhosa, amene analinso phungu wa Nyumba ya Malamulo. Maso anali atayamba kufooka, madokotala anawaletsa chiwongolero. Ine ndi agogo anu tinkawatcha a Chinkhosa. Anali a chipani chija chachikulu cha anthu osunga zakale, amene amati chimene anasiya makolo usachigwetse msanga, munda ndi wa mwini, boma lisapise kwambiri m'thumba la munthu. Zina ndinkagwirizana nazo, inenso ndine wa kumudzi. Zina ayi. Akayamba kukamba za alendo obwera m'dziko mwawo ankayankhula ngati amene akuwayendetsayo anabadwira m'khola la nkhosa zawo. Dalaivala alibe makutu, ana inu. Ndi chifukwa chake amadziwa zonse.

"Nthawi ya kampeni ndinkawayendetsa khomo ndi khomo. Kulibe zovina, kulibe nsalu zogawa. Phungu amagogoda yekha ngati wogulitsa tomato. Pakhomo pena panatuluka mayi atavala zogonera, n'kuwakalipira a Chinkhosa pamaso, chala chili pamphuno pawo, ati chipani chanu n'cha anthu okhuta. Ine ndinatsetsereka pampando, ndinati mayiyu sagona m'nyumba mwake lero. A Chinkhosa anavula chipewa, anati zikomo mayi, n'kupita khomo lotsatira. Ndinaona ndi maso angawa, koma mtima wanga sunaphunzire. Mantha a paubwana samva Chingerezi.

"Ndiye chisankho chimenecho sanapambane aliyense. Chipani cha a Chinkhosa chinaposa zinzake, koma mipando sinakwane yoti chilamulire chokha. Masiku angapo dziko linakhala ngati lopanda mwini. Ine ndinauza agogo anu kuti tigule makandulo ndi mpunga, tisatuluke, asilikali abwera. Anandiseka mpaka misozi. Mabasi ankayenda, ana ankapita kusukulu. Kenaka mtsogoleri wa chipanicho anaitana a chipani china chaching'ono, anakhala pansi, analemberana: ichi ife tisiya, icho inu musiye, unduna uwu wanu, uwo wathu. Ndilo amati boma la mgwirizano. Atsogoleri awiri aja anaima limodzi pamaso pa atolankhani akuseka ngati akwati, anthu oti sabata yathayo ankanyozana."

"Ndiye anakondana?" anafunsa Thoko.

"Mgwirizano si chikondi, mkazi wanga. Unaonapo anthu awiri atasenza mtengo umodzi, wina wamtali wina wamfupi? Kulemera konse kumatsetserekera kwa wamfupi. A chipani chaching'ono aja anali atalonjeza ophunzira kuti sadzakweza malipiro a kuyunivesite. Atalowa m'boma malipiro anakwera, iwo ali momwemo. Anthu sanawakhululukire. Pa chisankho chotsatira anatsala oti n'kukwana mu matatu imodzi, minibasi za kunozi, kondakitala n'kumaitanabe ena.

"Koma ndikuuzeni maganizo anga, ine dalaivala wosaphunzira. Zaka zisanu za mgwirizanowo mtsogoleri anali mmodzi yemweyo, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka akudziwa kuti sanapambane yekha. Asanachite kanthu ankayenera kugogoda pachitseko cha mnzake. Sindikuti zonse anachita bwino. Zinthu zinathina, osauka analira, agogo anu ankabwera kuntchito miyendo itatupa poti anthu ogwira ntchito ankachepa. Koma wolamulira wogogoda ndi wabwinoko kusiyana ndi wotsegula ndi phazi. Ndipo amene ankamuda kwambiri sanali a chipani chaching'ono ayi. Anali a m'nyumba mwake momwe, okhala mabenchi a kumbuyo. Ankati watigulitsa."

Ndi mawu omwewo amene Memory ananena pafoni Lachinayi.

"A Chinkhosa anali mmodzi wa iwo. Pakamwa ankati akudandaula za dziko. Koma ine ndinalipo tsiku limene ankatchula maudindo pa wailesi ya m'galimoto. Panali kampando kena kakang'ono m'boma kamene mkuluyo anakadikira zaka zambirimbiri chipani chili kotsutsa. Kanapita kwa munthu wa chipani chaching'ono, msinkhu wa mwana wawo. Palibe anawaimbira foni kuwauza. Anangoti, 'Lyson, zimitsa wailesiyo.'

"Tsono chipani chimenecho chili ndi mwambo wake. Aphungu akatopa ndi mtsogoleri, aliyense amalemba kalata payekha n'kuipereka kwa mkulu mmodzi wosunga makalata. Mkuluyo amatsekera, sauza munthu kuti walemba ndani kapena afika angati. Akakwana nambala yake ndi pamene amadzuka n'kunena kuti tiyeni tivote, akhale kapena achoke. Ndiye mtsogoleri amayenda m'khonde, onse akumumwetulira, iye osadziwa kuti mwa omwetulirawo ndani walemba kale."

"Ngati ufiti," anatero Thoko.

"Wanena ndiwe, ine sindinanene.

"Lolemba lina m'mawa ndikuwaperekeza a Chinkhosa ku siteshoni ya sitima, ndinawamva pafoni akuuza mnzawo kuti, 'Ndalemba. Zakwana.' Potsika anandipatsa envulopu yoyera, sitampa ili kale. 'Ukaponye pobwerera, Lyson.' Ndinaima pa kabokosi kofiira ka makalata pafupi ndi tchalitchi, envulopu ili m'manja, dzanja osakwera. Kalata yotsutsa mtsogoleri wa dziko, dzina lawo lili pansi! Ndinkangoona galimoto ija itaima pa sukulu ya a Fackson. Ndinati mkulu uyu ndi wokalamba, maso saona, akamutenga satha mwezi. Munthu amene anandipatsa ntchito, amene anabwera yekha kudzazonda agogo anu atadwala koyamba. Ndinatsegula kumbuyo kwa galimoto, ndinaika kalatayo pansi pa tayala la sipeya, ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndapulumutsa moyo wa munthu.

"Agogo anu nditawauza anagwira pakamwa. 'Bambo a Limbani, kuno si kwathu. Kaponyeni.' Ndinati inu mumadziwa jakisoni, za ndale zisiyireni ine.

"Inakhala pamenepo masabata awiri. Tsiku lina ndikuchokera ndi a Chinkhosa ku siteshoni, tili pa kamsewu ka pakati pa minda, anati, 'Lyson, ndakumana ndi wosunga makalata. Akuti yanga sinafike.' Ndikanatha kunamizira a positi. Ndinaganizadi zimenezo, ndisakunamizeni. Koma ndinaimika galimoto pambali pa mpanda, nkhosa zikutiyang'ana, ndinakatulutsa envulopu ija itada ndi fumbi la tayala. Ndinawafotokozera za a Fackson ndi Chingerezi changa cha pa esiteti, zonse, mpaka za mano.

"Ndinkayembekeza kuti andithokoza, apo ayi andiseka. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anafiira mpaka m'makutu. 'Kuno satenga munthu chifukwa cha kalata,' anatero. 'Ukanandifunsa. Anthu a kuno anasankha ine kuti ndiziyankhula, iwe sanakusankhe. Wandibera mawu anga.' Ana inu, ndinatukwanidwapo ndi makapitawo pa esiteti, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Chifukwa ankanena zoona. Kutseka munthu pakamwa chifukwa choti umamukonda n'kumutsekabe pakamwa."

"Anakuchotsani ntchito?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka ang'ono kwambiri.

"Oo, kani a Kalaliki ali ndi pakamwa! Ayi, sanandichotse. Anangofunsa, 'Amene analemba za mkulu wako uja munamudziwa?' Ndinati ayi bwana. 'Ndiye atabwerera ankakhulupirira ndani?' Ndinati palibe, bwana. Anataya mudzi wonse chifukwa cha munthu mmodzi. A Chinkhosa anatembenuza envulopu ija kangapo. Anati, 'Masabata awiriwa ndakumana ndi mtsogoleriyo kawiri m'khonde. Kachiwiri anandifunsa za maso anga. Ndinamuyankha bwinobwino.' Anaiika m'thumba la jekete. 'Tiye.'

"Sabata yotsatira anapempha kukaonana ndi mtsogoleriyo. Anandiuza okha pobwera, poti dalaivala amauzidwa zimene mkazi sauzidwa. Ati anakhala pampando ngati mwana wa sukulu, mkulu wa imvi mbuu. Ananena zonse, za alimi, za malonjezo osiyidwa. Pomaliza ananenanso chenicheni chija: mpando mukanapatsa amene mwafuna, koma mukanandiuza ndisanamve pa wailesi."

"Ndiye anawapatsa mpandowo?" anafunsa Thoko.

"Anawapatsa tiyi. Anamvetsera, anapepesa za wailesi, zina zonse sanasinthe. Iyi si nthano, mkazi wanga. A Chinkhosa anapuma pa ndale ali pa benchi lomwe lija la kumbuyo."

"Nanga kalata ija?"

"Sindidziwa. Mwina anaing'amba. Mwina anakaipereka ndi dzanja lawo atanena kale pamaso, unali ufulu wawo. Chimene ndikudziwa n'choti sanandipatsenso kalata yoti ndikaponye, ngakhale ya za magetsi. Ndinawayendetsabe mpaka anapuma. Tinkaseka, pa Khirisimasi ankandipatsa mwendo wa nkhosa. Koma makalata ankapatsa mayi wa mu ofesi. Chimenecho chimandipwetekabe, ndipo ndinapalamula ndekha."

Agogo anapempha madzi. Adokotala amawaloleza pang'ono pokha, ndiye ndinawathirira theka la kapu yaing'ono. Anamwa pang'onopang'ono, maso atatseka, ngati akufuna kuti asathe. Ndinaganiza kuti amaliza, koma anapitiriza.

"Mgwirizano utatha chipanicho chinalamulira chokha, ndipo ndinati tsopano apuma. Ndi pamene anayamba kudyana okhaokha. Uyu wachoka, uyo walowa, uyonso wachoka. Wina sanathe ndi miyezi iwiri yomwe. Ukanadzala chimanga tsiku lolowa iye, akanachoka chisanamasule. Ndipo wolowa m'malo sankasankhidwa ndi dziko lonse, koma ndi aphungu ndi anthu a makadi a chipani, ena onse akungoonera pa kanema kuti mawa atilamulira ndani. Pamenepo n'kuti ine nditabwerera kale ku Thyolo, bokosi la agogo anu lili pansi pa ndege, ine pamwamba. Ndinkamvera pa wailesi ndili ndekha pakhonde. Lero a chipanicho ali kotsutsa, ndipo sindikuona kuti aphunzirapo kanthu.

"Musandimve molakwa, ana inu. Ine ndinakula pansi pa munthu wosachotseka, ndipo mtengo wake ndikuudziwa, uli kumanda kwathu. Dziko limene mtsogoleri amachoka ndi mapepala, popanda mfuti, n'kukagona kunyumba kwake, ndi dziko lodala. Wolephera achoke ndithu. Koma anthu aja anaphunzira kuchotsa osaphunzira kuuza. Kalata yobisika ndi yopepuka kwambiri. Suona nkhope ya munthu ikugwa. Ndiye lero ulemba chifukwa cha dziko, mawa chifukwa cha mpando, mkuja chifukwa sanakupatse moni. Ndipo wolembedwayo, ngakhale apulumuke, amayang'ana aliyense mmene a Fackson ankayang'anira anansi athu."

Chitseko chinatseguka, amayi analowa ndi jumbo la masamba a sukuma ndi anyezi. Anangoyang'ana nkhope ya agogo.

"Bambo, mwayankhula kwambiri. Adokotala anati muzipuma."

"Ndi ana anuwa, mayi. Amandifunsa ngati apolisi. Ndipo mundiyankhe, ndani anati chigumu ndi keke ya osauka?"

Amayi anayang'ana Thoko. Thoko anayang'ana kudenga.

Ndinawagwira agogo mkono kuwaperekeza kuchipinda. Apepuka kuposa mmene analili pobwera, ndinamva mafupa pansi pa juzi. Pakhomo anaima kuti apume.

"Mulemba zonsezi, a Kalaliki?"

"Ndilemba, agogo."

"Mulembenso kuti ndinalakwa. Bambo anu sindinawauzepo zimenezi."

Ndalemba.

Nditamaliza kusita ndinatulutsa kalata yanga n'kuiwerenganso. Ndinalemba kuti Chisomo amakondera, samvera anthu a mbali yake, akupha nyimbo zathu. Kalembedwe kake n'kabwino, mayi Banda akanakasirira. Koma za ndime ija mulibe ngakhale liwu limodzi. Ndinabwereka madandaulo a Memory n'kuphimbira anga, chifukwa anga ndi ang'ono ndipo ndi ochititsa manyazi. Ndipo zoona zake, ndilembe pano pamene palibe akundiona, Tiyamike amaiimba bwino kuposa ine. Sindikufuna kuti amulande. Ndimangofuna kuti wina akanaona kuti ndinali nditakoka mpweya.

Ma Lamlungu awiri apitawa ndakhala ndikumupatsa moni Chisomo ndikumwetulira, iye n'kumandikoka dzanja kuti ndikhale pafupi naye.

Memory watumiza uthenga masana omwe ano: "Usaiwale mawa, mwana wa mayi. Ndiwe womaliza." Mwina n'zoona. Mwinanso wauza aliyense chimodzimodzi. Sindingadziwe, amadziwa ndi mayi Banda okha. Ndikapanda kupereka, Memory asiya kundiyankhula, ndipo iye akasiya amasiya ndi gulu lake lonse. Zimenezo ndikuziopa kwambiri. Sindikapempha mayi Banda kuti ataye makalata a enawo, ndipo sindikamutchulira Chisomo dzina la munthu. Amenewo ndi mawu awo, si anga. Mwina Chisomo achotsedwabe. Mwinanso ndikamuuza adzangoti, "Iii, Tadala, nkhani yake yomweyo?" n'kuseka, ine n'kusowa poyang'ana.

Kulemba ndimatha. Kuyankhula ndi kumene kumandivuta, ngakhale kuuza kondakitala kuti anditsitse ndimadikira wina ayambe wanena. Koma ndapempha kale amayi, ndipo avomera. Mawa tikatuluka Misa yoyamba ndikwera matatu ya ku Parklands ndekha, kwaya isanayambe. Kalatayi itsala m'buku muno. Ndikagogoda kwawo kwa Chisomo, ndipo ndisanakhale pansi, mayi ake asanabweretse tiyi, mantha asanandipeze, ndikamuuza ndi pakamwa panga kuti za ndime ija zinandipweteka.